Munda wa azakhali ndi ngodya imene timaiwala kuyeza

Kuno ku Nkhotakota, ukafunsa mlimi kuti ekala ndi yaikulu bwanji, yankho silichedwa: 70 uku, 70 uku. Munthu amaima pa kona ya munda n'kuyamba kuponda mapazi akuluakulu akuwerenga, akafika pa 70 amakhota, n'kupondanso ena 70. Basi, ekala yakwana. Mawerengedwe amenewa sanangotoledwa pa msewu ayi. Ekala ya m'mabuku a boma ndi masikweya yadi 4,840, phazi lalikulu limodzi ndi pafupifupi yadi imodzi, ndipo 70 kuchulukitsa ndi 70 ndi 4,900, kusiyana kwake n'kochepa. Pa mamita, ekala ndi masikweya mita pafupifupi 4,047, kapena titi malo a mamita 64 mbali zonse zinayi. Amene anabweretsa 70 kwa 70 m'midzi muno ankadziwa chimene ankanena.

Koma pali chinthu chimodzi chimene mawerengedwewa amangochitenga ngati chilipo kale, ndicho chakuti pamene munthu uja wakhota, wakhota pa madigiri 90, kona imene amisiri omanga nyumba amati sikweya. Minda yathu siili choncho. Malire amatsata khwawa, chulu, mtengo wa mango umene unabzalidwa ndi agogo, njira ya kunyanja, kapena msewu wa M5 umene unadutsa mopingasa m'minda ya anthu. Munda ukagawidwa kwa ana, kenako kwa zidzukulu, zidutswa zake zimatuluka zosongoka, zina zopendekeka. M'sikimu ya mpunga ya ku Bua mapuloti ndi olongosoka chifukwa anachita kuyezedwa ndi akatswiri, koma ukangotuluka m'sikimu n'kulowa m'madambo a anthu wamba, kona ya sikweya uchita kuifunafuna.

Ine ndimaphunzitsa masamu pa sekondale ina yoyendera m'boma lino. Chaka ndi chaka timafika pa mutu wa trigonometry, masamu a ngodya ndi mbali za thirayango, ndipo pa bolodi pamalembedwa fomula yopezera kukula kwa thirayango: ½ × a × b × sin C. Ana amailoweza bwinobwino poopa mayeso a MANEB, akalemba MSCE amaisiya pa geti la sukulu. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa pa masamu onse a ku sekondale, iyi ndi imodzi mwa mfundo zochepa zimene mwana wa mlimi angathe kupita nazo kumudzi tsiku lomwelo n'kukathandiza nazo mayi ake. Fomulayi imayankha funso limene chingwe ndi mapazi sizifunsa n'komwe: kodi mbali ziwirizi zakumana motseguka bwanji?

Tengani chikuto cha bokosi la machesi, chija chakunja, mutasolola kabokosi ka mitengo. Chiyang'aneni kukamwa kwake. Muona bowo la makona anayi, onse a sikweya. Tsopano chifinyeni pang'ono ndi zala kuti chipendekeke. Mbali zonse zinayi zikadali zomwe zija, palibe imene yafupika, koma bowo lija lachepa. Mukapitiriza kufinya, bowo litsekeka ndithu, mbali zili chikhalire. Munda umachitanso chimodzimodzi. Ekala ya 70 kwa 70 ikapendekeka mpaka kona yake kufika pa madigiri 60, imatsala masikweya yadi 4,243 m'malo mwa 4,900. Ikafika pa madigiri 45, imatsala 3,465. Pa madigiri 30 imatsala theka lenileni, koma woponda mapazi uja awerengabe 70 uku, 70 uku, n'kulumbira kuti ndi ekala, ndipo sakunama dala.

Fomulayi siinagwe kumwamba. Ku pulayimale tonse tinaphunzira kuti kukula kwa thirayango ndi theka la tsinde kuchulukitsa ndi msinkhu. Msinkhu umenewu si mbali yopendekeka ija ayi. Ndi mzere wochoka pa nsonga ya thirayango n'kudzagwera pa tsinde mwa sikweya. M'kope n'zosavuta, umangojambula kamzere ka timadontho. Ku munda ndiye pali ntchito. Mzerewo udzagwera pati penipeni pa tsindepo? Mwina ukudutsa pa chulu, mwina m'madzi ofika m'mawondo, mwina pakati pa mpunga umene wayamba kubereka. Ndipo kona ikakhala yotseguka kwambiri kupitirira madigiri 90, msinkhuwo umakagwera kunja kwa munda, m'munda mwa eni ake, kumene sungangolowa ndi chingwe osapalamula mlandu.

Trigonometry imatipulumutsa pomwepa. Titchule mbali ziwiri zimene zakumana pa kona imodzi kuti a ndi b, ndipo ngodya ya pakati pake tiitche C. Mbali a ikhale tsinde. Msinkhu h ukatsika kuchoka kumapeto kwa b, umapanga kathirayango kakang'ono kokhala ndi kona ya sikweya, ndipo m'kathirayangoka b ndiye mbali yaitali kuposa zonse, pamene h wayang'anizana ndi ngodya C. Mwana aliyense amene anaimbapo SOHCAHTOA, mawu olowezera malamulo a trigonometry, akudziwa kuti sin C, kutanthauza sine ya ngodya C, ndi h kugawa ndi b. Choncho h ndi b kuchulukitsa ndi sin C. Ikani zimenezi pamene panali msinkhu mu fomula ya ku pulayimale ija, mupeza ½ × a × b × sin C. Palibe chachilendo chimene chalowapo. Tangopeza msinkhu popanda kuponda pamene msinkhuwo wadutsa.

Ana anga ndimawauza kuti sine aziiona ngati nambala yonena kuti mbali yopendekeka yakwera gawo lanji la kutalika kwake. Mbali ikaima chilili pa madigiri 90, yakwera yonse, sine ndi 1. Pa madigiri 60 sine ndi 0.866, pa 45 ndi 0.707, pa 30 ndi 0.5. Ikagoneratu pansi, sine ndi 0, ndipo munda palibe. Sine siipitirira 1, ndipo mfundo yaing'ono imeneyi muisunge chifukwa tiifunanso kutsogoloku. Kona yotseguka kwambiri siivuta: mbali imene yapendekera kunja pa madigiri 130 yakwera mofanana ndi imene yapendekera mkati pa madigiri 50, n'chifukwa chake sin 130° ndi sin 50° zonse ndi 0.766.

Tiyerekeze dimba losongoka, pamene njira yakumana ndi ngalande. M'mbali mwa njira muli mamita 80, m'mbali mwa ngalande muli mamita 65, ndipo pamene zakumanapo ngodya ndi madigiri 50. Theka la 80 kuchulukitsa ndi 65 ndi 2,600. Ambiri amaimira pomwepa n'kunena kuti dimbalo lapitirira theka la ekala. Koma 2,600 kuchulukitsa ndi 0.766 ndi masikweya mita 1,992, osakwana n'komwe theka la ekala. Masikweya mita oposa 600 anali a pakamwa chabe.

Munda weniweni umene unandichititsa kuti ndilembe zonsezi ndi wa azakhali anga, mlongo wawo wa bambo. Iwo ndi amasiye, ndipo amabwereka munda wa mpunga ku dambo kwa mkulu wina wa m'mudzi woyandikana nawo, n'kumalipira potengera maekala. Pamene ankagwirizana, anthu anayeza ndi chingwe mbali zonse zinayi mozungulira: mamita 90, 62, 85 ndi 60. Kenako anachita zimene aliyense amachita munda ukakhala wa mbali zosafanana. Anaphatikiza mbali ziwiri zoyang'anizana, 90 ndi 85, n'kugawa pakati, kupeza 87.5. Anateronso ndi 62 ndi 60, kupeza 61. Atachulukitsa anapeza masikweya mita 5,338, ndiye kuti ekala imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo atatu.

Azakhali sanapite patali ndi sukulu, koma munda amaudziwa ndi manja. Tsiku lina tikudya kondowole pakhonde anati, "Aphunzitsi, tandiuzani. Nazale ndimafesa yokwanira munda wonse monga amanenera alangizi, koma mbande chaka chilichonse zimatsala. Pokolola, anzanga a ekala imodzi timangofanana matumba. Kodi ndine waulesi, kapena alipo akundikawa?"

Mawu otsirizawo anandikhudza, chifukwa ndikudziwa kumene maganizo oterewa amathera m'mudzi. Munthu akaona kuti munda wake sukubereka monga akuyembekezera, amayamba kuyang'ana oyandikana naye ndi diso lina.

Tinadikira chilimwe, dambo litauma mpaka kung'ambika ming'alu, ng'ombe zikudya ziputu za mpunga. Tisanaponde m'munda tinayamba tapita kwa mwini wake kukapempha. Anatilandira bwino, natiuza kuti nkhani ya munda amakambira kumunda komweko, ndipo anatenga ndodo yake n'kutsagana nafe. Ndinatenganso ana awiri a m'kalasi mwanga ochokera m'mudzi womwewo, mtsikana ndi mnyamata, tepi yobwereka kwa mmisiri womanga nyumba, zikhomo za nsungwi, kope, ndi kabokosi ka zida za masamu kaja kamene mwana aliyense wa sekondale amakhala nako.

Mbali zinayi tinazipeza monga momwe anthu aja anayezera, ndipo mkulu uja anagwedeza mutu mokhutira. Chotsala chinali ngodya. Akatswiri oyeza malo ali ndi makina awo oimika pa miyendo itatu, ife tinalibe, koma njira ilipo. Pa kona pamene mbali ya mamita 90 yakumana ndi ya mamita 60 tinakhoma chikhomo. Mnyamata uja anayenda mamita 10 motsata malire a mbali imodzi n'kukhoma china, kenako mamita 10 motsata mbali inayo n'kukhomanso. Tinayeza mpata wa pakati pa zikhomo ziwiri zakunjazo, tinapeza mamita 9.2. Kona ikanakhala ya sikweya, mpatawo ukanakhala mamita 14.1. Ukanakhala mamita 10 ndendende, ikanakhala ya madigiri 60. Mtsikana uja anakhala pa mtumbira, kope lili pa bondo, n'kujambula kathirayango ka masentimita 10, 10 ndi 9.2 pogwiritsa ntchito rula ndi kampasi, kenako anaikapo protractor, kachida koyezera ngodya. Madigiri 55. Tinapita ku kona yoyang'anizana nayo, pamene mamita 62 akumana ndi mamita 85, mpata unatuluka mamita 9.7, ngodya madigiri 58.

Munda wa makona anayi ukaudula kuchoka kona ina kukafika kona yoyang'anizana nayo, umasanduka mathirayango awiri. Yoyamba: theka la 90 kuchulukitsa ndi 60 ndi 2,700, kuchulukitsa ndi sin 55° imene ndi 0.819, tinapeza pafupifupi 2,211. Yachiwiri: theka la 62 kuchulukitsa ndi 85 ndi 2,635, kuchulukitsa ndi sin 58° imene ndi 0.848, tinapeza pafupifupi 2,235. Zonse pamodzi masikweya mita pafupifupi 4,446. Imeneyi ndi ekala imodzi ndi kachidutswa ka gawo limodzi mwa magawo khumi. Masikweya mita pafupifupi 890 amene azakhali ankalipira, kufesera nazale ndi kuyembekezerapo matumba, kunalibe.

Mtsikana uja atawerenga nambalayo mokweza, mkulu uja anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Aphunzitsi, munda wangawu mwaudula ndi pensulo?"

"Ayi bambo," ndinatero. "Malire ndi omwe aja, sitinasunthe ngakhale udzu umodzi. Mundawu ndi womwe munalandira kwa makolo anu. Chimene chasintha ndi nambala yokha."

Sanakhutire, ndipo ine sindinamuone ngati wovuta. Munthu amene wakhala akuwerenga munda wake mwa njira imodzi moyo wake wonse sangatembenuke chifukwa cha kabatani ka pa kakyuleta kamene sakukadziwa. Ndiye tinayezanso mwa njira ina yopanda ngodya, yopanda sine, kuti aone ndi maso. Popeza dambo linali louma, tinakoka tepi kudutsa pakati pa munda, kona ndi kona, tinapeza mamita 74. Thirayango ukadziwa mbali zake zonse zitatu, pali fomula ya Heron, katswiri wa ku Alexandria amene anakhalako zaka pafupifupi 2,000 zapitazo. Umaphatikiza mbali zitatuzo n'kugawa pakati, nambala imeneyo n'kuitcha s. Kenako umachulukitsa s ndi zotsala zitatu zimene umapeza ukachotsera mbali iliyonse pa s, n'kutenga square root, kutanthauza nambala imene ukaichulukitsa ndi iyo yomwe imakupatsa yankho lija. Pa thirayango ya 90, 60 ndi 74, s ndi 112, zotsala ndi 22, 52 ndi 38, yankho 2,207. Pa ya 62, 85 ndi 74, yankho 2,233. Pamodzi 4,440. Njira ziwiri zosiyana, ina ya ngodya ina ya tepi yokhayokha, zinasiyana ndi masikweya mita 6 okha.

Wina angafunse kuti nanga bwanji osangogwiritsa ntchito ya Heron nthawi zonse. Chilimwe n'zotheka. Koma mikangano ya minda simabuka chilimwe chokha. Imabuka mpunga uli m'madzi, chinangwa chitatseka, nzimbe zitakula kuposa munthu, pamene sungakoke tepi pakati pa munda. Njira ya sine imangofuna kuti uyende m'malire ndi kuima pa kona. Komanso ya Heron ili ndi manambala akuluakulu amene mwana amasochera nawo msanga.

Chimene chinandigwira mtima nditabwerera kunyumba n'chakuti kulakwika kwa njira ya m'mudzi ija sikuchitika mwangozi, ndipo sikugwera mbali zonse. Nthawi zonse imakuza munda, siingauchepetse. Umboni wake ndi waufupi moti mwana wa Fomu 3 atha kuutsata. Mbali zinayi zikhale a, b, c, d mozungulira. Dulani mundawo kona ndi kona, mupeza theka la ab kuchulukitsa ndi sine ya kona yake, kuphatikiza theka la cd kuchulukitsa ndi sine ya kona yake. Dulaninso kudzera makona ena awiri aja, mupeza zofanana ndi zomwezo pa bc ndi da. Mukaphatikiza zonse mwawerenga munda kawiri, ndiye gawani pakati. Tsopano yerekezani kuti sine iliyonse ndi 1. Zimene zitsale ndi kota ya ab + bc + cd + da, ndipo mukazisanja bwino ndi chimodzimodzi kuphatikiza a ndi c n'kugawa pakati, kuphatikiza b ndi d n'kugawa pakati, kenako n'kuchulukitsa. Imeneyi ndi njira ya m'mudzi ija ndendende. Ndiye kuti njirayi ndi fomula ya sine yomweyi, koma itaganiza kuti makona onse anayi ndi a sikweya. Popeza sine siipitirira 1, yankho lake limakhala lolondola pa munda wa sikweya pokha, kwina konse limaposa.

Si ife tokha. Pa makoma a kachisi wa ku Edfu ku Egypt panalembedwa mndandanda wa minda zaka zoposa 2,000 zapitazo, ndipo kukula kwa mindayo kunawerengedwa mwa njira yomweyi yophatikiza mbali zoyang'anizana. Ndi njira imene munthu wanzeru aliyense amafikapo akakhala ndi chingwe chokha m'manja. Pa munda umene wangopendekeka pang'ono imagwira ntchito bwino, chifukwa sin 80° ndi 0.985, pafupi kwambiri ndi 1. Vuto limayamba makona akatsika kufika m'ma 60 ndi m'ma 50.

Ndipo nambala yolakwikayo siithera pa lendi. Tiyerekeze kuti ekala akubwereketsa K60,000 pa chaka. Pa mawerengedwe akale azakhali akanalipira pafupifupi K79,000, pa mawerengedwe enieni K66,000. Kwa mayi wamasiye kusiyana kumeneku ndi ndiwo za masabata angapo. Koma ulimi wonse wa masiku ano umayankhula m'maekala ndi mahekitala. Alangizi amati mbewu ya chimanga ndi makilogalamu 25 pa hekitala, pafupifupi 10 pa ekala, mizere italikirane masentimita 75, mapando masentimita 25. Thumba limodzi la NPK ndi limodzi la Urea, a makilogalamu 50, monga ankaperekera pamene pulogalamu ya boma ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP inkayamba mu 2020, ndi muyezo wa chimanga cha pafupifupi ekala imodzi. Mankhwala opha udzu ndi a tizilombo amalembedwa pa botolo kuti ochuluka mwakuti pa hekitala, ndipo amene akuganiza kuti munda wake ndi waukulu kuposa mmene ulili amathira opitirira muyezo. Wotenga ngongole ya zipangizo amawerengera matumba amene akolole pa maekala amene alibe. Nthawi yobweza ikafika, amadziona ngati mlimi wolephera, chonsecho nthaka yake yabereka monga ya anzake.

Nkhani ya azakhali inatha mwachimalawi. Za zaka zam'mbuyo palibe anazitchula, ndipo azakhali eni ake anandiletsa kuzikumba chifukwa mkulu uja anawathandiza pa maliro a amuna awo. Anagwirizana kuti kuyambira chaka chimenecho mundawo uziwerengedwa ngati ekala imodzi ndi pang'ono. Azakhali anachepetsa nazale, ndipo za kukawa sindinazimvenso.

Patapita masabata angapo mkulu uja anatumiza mdzukulu wake kudzandiitana kuti ndikamuyezere munda wake wa chinangwa kumtunda. Kumeneko iye ndiye wolipira, chifukwa amalemba aganyu opalira n'kumawapatsa ndalama potengera ekala. Nditamva, ndinazindikira kuti tepi yomweyi imene inathandiza mayi wamasiye ikhoza kukachepetsa malipiro a mnyamata wa khasu amene alibe kanthu kuposa azakhali. Ndinapita, ndinayeza, munda unatuluka wocheperapo ndithu. Ndinamuuza nambala yoona, komanso ndinamuuza maganizo anga, kuti mtengo wa ganyu umene anthu anazolowera m'deralo unakhazikika pa minda yoyezedwa mwa njira yakale yomweyo, ndiye akachepetsa maekala n'kusiya mtengo pomwepo, thukuta la waganyu likhala lomwe lija koma ndalama yachepa. Anaseka, nati aganyu a masiku ano amayang'ana ndime ndi maso n'kutchula mtengo wawo, za maekala sawerengera. Mwina ananena zoona. Komabe ndimawauza ana anga kuti akapita kukayeza munda wa munthu, adziwe kuti nambala imene atulutse ili ndi amene aisangalalire ndi amene imupweteke, ndipo onse awiri akhalepo poyezapo.

Kwa amene angafune kuyesa, pali zinthu zingapo zimene kope silinena. Ngodya yofunika ndi ya pakati pa mbali ziwiri zimene mwayezazo, osati ina iliyonse, ndipo pamenepa ndi pamene ana ambiri amatayira malikisi ngakhale pa mayeso. Ngati muli ndi mwayi wosankha kona, sankhani yoyandikira sikweya, pewani yosongoka kwambiri. Mukaphonya digiri imodzi pa madigiri 55, yankho limasuntha ndi gawo limodzi lokha pa 100. Mukaphonya digiri imodzi pa madigiri 20, pamene sine imachoka pa 0.342 kufika pa 0.358, limasuntha ndi magawo pafupifupi 5 pa 100. Pafupi ndi madigiri 90, digiri imodzi siisintha kanthu kooneka. Kumtunda monga cha ku Mwansambo, kumene minda ina ili pa zitunda, tepi igwiridwe mopingasa bwino osati kugonekedwa motsata chitunda, chifukwa kukula kwa malo kumawerengedwa ngati pafulati. Ndipo musanayambe kuwerengera, dinani sin 30 pa kakyuleta kapena pa foni. Ikakupatsani 0.5, zili bwino. Ikakupatsani −0.988, ndiye kuti yaikidwa pa muyezo wina wa ngodya wotchedwa radians, ibwezereni pa madigiri.

Munda wa makona asanu umatuluka mathirayango atatu, wa makona asanu ndi limodzi umatuluka anayi. Malire okhotakhota a m'mphepete mwa mtsinje mumawadula m'tizidutswa towongoka, n'kukhoma chikhomo paliponse pamene akhota kwambiri. Minda yotereyi imafuna kuyezedwa kangapo pa moyo wa munthu, chifukwa Bua, Kaombe ndi Dwangwa sakhala malo amodzi. Amene anaona madzi osefukira a ku Dwangwa mu February 2024, komanso mmene nyanja inakwerera chaka chomwecho n'kulowa m'minda ndi m'nyumba za m'mphepete, akudziwa kuti munda umene unali wa makona anayi utha kudzuka uli wa makona atatu.

Ena amati zonsezi n'zachikale poti kunabwera GPS. Zoona, lamulo la malo a m'midzi la 2016 linatsegula njira yoti mabanja azilembetsa malo awo, ndipo oyeza malo amabwera ndi zipangizo zimene zimatulutsa mahekitala pa kanthawi kochepa. Mkati mwa makinawo masamu ake ndi a mtundu womwewu, kuphatikiza tizidutswa ta mathirayango kuchokera pa makona amene alembedwa. Koma woyeza malo sabwera pa nkhani ya lendi ya chaka chimodzi kapena ya kugawana dimba pakati pa ana a mayi mmodzi. Ndipo tsiku limene wabwera n'kulemba nambala pa pepala limene likhale la banja mpaka zidzukulu, ndi bwino pabanjapo pakhale mmodzi wotha kutenga tepi n'kuona ngati nambalayo ikuyandikira zoona. GPS ya pa foni wamba imatha kuphonya ndi mamita angapo pa kona iliyonse, ndipo pa dimba laling'ono mamita angapowo ndi ambiri.

N'chifukwa chake masiku ano tikafika pa mutu umenewu, phunziro limodzi timakachitira pa bwalo la mpira, ndi zikhomo ndi chingwe chomangidwa mfundo pa mita iliyonse. Kenako aliyense amapita ndi ntchito ya kunyumba: akapemphe kwa makolo, akayeze munda kapena dimba la pakhomo pawo, abwere ndi chojambula chake, mbali zonse, makona onse, yankho la njira ya m'mudzi ndi yankho la sine. Munda wa eni asakhomemo chikhomo popanda mwini wake kudziwa, chifukwa munthu akapeza zikhomo zachilendo m'munda mwake m'mawa amathamangira kwa amfumu. Pochonga ndimayamba ndaphatikiza makona. Pa munda wa makona anayi ayenera kukwana madigiri 360, ndipo akaphonya ndi madigiri oposa 5, mwanayo amabwereranso kumunda Loweruka.